Nyali Ziwiri za Panyanja: Tsamba la Mlangizi Likhale Khomo, Osati Khoka

Moni inu a pa Mangochi boma, a kwa Mponda ndi a kutsidya kwa mlatho. Moni a ku Makawa, Nkopola, Monkey Bay mpaka ku Chembe. Moni a ku Malindi, Lungwena, Makanjira, ndi inu a kumapiri ku Namwera. Abale anga olankhula Chiyao, ali uli? Amene muli padoko mukusoka maukonde, sokani, mungondibwereka khutu. Amene mukutembenuza usipa pathandala, tembenuzani, khutu lokha basi.

Lero tikamba nkhani imene poyamba ingaoneke ngati ya anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndi nkhani ya alangizi a zamaganizo ndi masamba awo a pa intaneti. Ena amawatcha aphungu. Koma musasokoneze, si aphungu a ku Nyumba ya Malamulo ayi. Awa ndi anthu ophunzitsidwa kumvetsera munthu wolemedwa mumtima, n'kumuthandiza kupeza potulukira.

Funso lathu ndi ili. Mlangizi wotere akafuna kudziwika pa intaneti, kaya pa webusaiti, kaya pa Facebook, tsamba lake likhale lotani kuti munthu wovutika alimbe mtima n'kugogoda?

Ndikumva wina akuti, "Nanga ife a kunyanja zikutikhudza pati?" Dekhani, achimwene. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Ina ndi ya mlangizi amene akukonza tsamba. Ina ndi ya inu ndi ine, amene tsiku lina tingadzalitsegule pakati pa usiku.

Tiyambire panyanja.

Usiku wopanda mwezi, mukaima pamchenga ku Msaka kapena ku Malembo, mumaona chiyani? Nyali. Mzere wa nyali pamadzi, ngati tauni yamera pakati pa nyanja. Amenewo ndi asodzi a kauni. Siginala, wotsogolera asodziwo, ali m'bwato ndi nyali zake, kale zinali za parafini, lero zambiri ndi mababu a batire. Usipa umaona kuwala, n'kusonkhana. Ukasonkhana, khoka la chilimira limazungulira. Nkhani yathera pomwepo. Nyali imeneyo ntchito yake ndi kukopa kuti akole.

Koma pali nyali ina. Mwera ukadzuka usiku, bwato lachedwa kubwera, mayi amatuluka ndi tochi n'kuima padoko. Sakufuna kukola munthu. Akungonena kuti, mtunda uli kuno, bwerani, tikudikira.

Nyali ziwiri. Zonse zimawala. Zonse zimakopa. Koma ina ndi ya khoka, ina ndi ya padoko. Mugwire fanizo limeneli, tiyenda nalo mpaka kumapeto.

Tsopano tiyerekeze munthu amene tsamba limeneli likumuyembekezera.

Tiyerekeze mayi wina kuno kunyanja. Mwamuna wake anapita ku Joni, monga anapitira amuna ambiri a m'boma lino. Chaka choyamba ndalama zinkabwera. Anagula malata. Chaka chachiwiri zinayamba kudumphadumpha. Tsopano foni yake sikupezeka, ndipo mphepo yabweretsa mbiri yoti kumeneko kuli mkazi wina. Mayiyu tulo tinamuthawa. Nsima sikulowa. Mwana akangogwetsa kapu, iye wapsa mtima, kenako akudzimvera chisoni yekha. Anapita kuchipatala, anamuyeza malungo, palibe. Koma mutu ukulemerabe.

Nthawi ndi 2 koloko usiku. Ana agona. Watenga foni yake yosweka galasi, bandulo yatsala pang'ono. Akufufuza thandizo. Ndipo wagwera pa tsamba la mlangizi.

Ndikufunseni, omvera. Mayiyu ali ndi chiyani mumtima pa nthawi imeneyi? Mantha. Manyazi. Kutopa. Akuopa kusekedwa. Akuopa mtengo. Akuopa kuti nkhani yake idzamveka pachitsime. Akuopa kutchedwa wamisala.

Ndiye mfundo yaikulu ya lero ndi iyi, ndipo ndiibwereza kangapo. Ntchito ya tsamba la mlangizi si kudzitama. Ntchito yake ndi kuchotsa mantha. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zoona. Mayiyu wadzuka yekha, wafika pachitseko. Chotsala n'chakuti chitsekocho chisakhale cholimba.

Pali zinthu zinayi zimene zimafewetsa chitseko chimenechi. Tiyambe ndi choyamba: maso.

Maso amaweruza msanga kuposa nzeru. Mukalowa m'lesitilanti pa depoti, musanalawe chambo, mwaona kale tebulo. Mwaona beseni la madzi osamba m'manja. Mwaona nkhope ya mayi wogulitsa. Mtima wanena kale kuti ndidya kapena sindidya.

Akatswiri a zamaganizo anachiyesa chimenechi. Mu 2006, Gitte Lindgaard ndi anzake pa yunivesite ya Carleton ku Canada ankaonetsa anthu masamba a pa intaneti mwa kanthawi kochepa kwambiri, kosakwana kuphethira kwa diso. Anapeza kuti m'kanthawi komweko, anthu anali ataganiza kale ngati tsambalo lawasangalatsa kapena ayi. Chaka chomwecho ku Princeton, ku America, Alexander Todorov ndi mnzake anapeza zofanana pa nkhope za anthu. Kungoona nkhope kamodzi, mtima waweruza kale kuti uyu ndingamukhulupirire kapena ayi. Sikuti chiweruzo chimenecho chimakhala cholondola nthawi zonse. Koma chimachitika, ndipo chimachitika msanga.

Nanga mayi wathu uja akatsegula tsamba, akuona chiyani? Masamba ambiri amaika chithunzi chotola pa intaneti. Mzungu wagona pa mpando wautali. Kapena munthu wagwira mutu m'chipinda chamdima. Kapena phiri la chipale chofewa, chinthu choti kuno sitinachionepo. Mayi uja akangoona amati, "Izi si zanga." Watseka.

Inu alangizi, ikani nkhope yanu. Nkhope yeniyeni, yowala bwino, yoyang'ana munthu monga mumayang'anira mlendo pakhomo. Osati chithunzi cha paukwati. Osati cha magalasi akuda. Ikaninso chithunzi cha chipinda chimene mumakumaniranamo ndi anthu. Mipando iwiri, zenera, katani. Onetsani geti. Nenani kuti mukatsika minibasi pakuti, muyende chonchi.

Chifukwa chiyani? Chifukwa chinthu chosadziwika chimaopsa. Munthu amene sanapiteko kwa mlangizi ali ndi mafunso amene sangawanene mokweza. Kodi akandibaya jakisoni? Kodi akandifunsa za kuchipinda? Kodi akanditumiza ku Zomba? Tonse tikudziwa kuti chipatala cha Zomba Mental chimagwira ntchito yofunika, ndipo chathandiza mabanja ambiri. Koma pakamwa pa anthu, mawu oti "ku Zomba" anasanduka chitonzo. Ndiye yankhani mafunsowo asanafunsidwe. Lembani kuti: tsiku loyamba timangocheza. Mumakamba zimene mwafuna kukamba. Zimene simunakonzeke, mumazisunga. Mukhoza kubwera ndi m'bale wanu.

Mwaona? Mantha amodzi achoka. Chimenecho ndi choyamba, maso.

Tipite pa chachiwiri: mawu.

Kodi munayamba mwachezapo ndi munthu amene nkhani yake ndi "ine, ine, ine"? Mwabwera kudzadandaula za mbuzi yanu yobedwa, iye akukuuzani za mbuzi zake khumi. Masamba ambiri ali choncho. Mzere woyamba, madigiri. Mzere wachiwiri, maina a njira zochiritsira, m'Chingerezi chothyola lilime. Mayi uja sakudziona paliponse.

Katswiri wina wa ku America, Carl Rogers, analemba mu 1957 kuti chimene chimasintha munthu pa uphungu si nzeru za mlangizi zokha ayi. Ndi ubale. Munthu amve kuti wamvetsedwa. Amve kuti walandiridwa popanda kuweruzidwa. Aone kuti mlangiziyo sakuchita zachiphamaso. Ngati ndi choncho, ubale umenewo uyambire pa mzere woyamba wa tsamba.

Mzere woyambawo unene chiyani? Unene zimene munthuyo akumva, m'mawu ake. Kuno kwathu munthu sabwera n'kunena dzina la matenda la m'buku. Amati, "Ndikuganiza kwambiri." Amati, "Mtima ukuthamanga." Amati, "Tulo sindikupeza." Amati, "Mutu ukutentha." Amati, "Chilichonse sichikundikomera." Amenewo ndiwo mawu oyenera kukhala pamwamba. "Kodi mukusowa tulo chifukwa cha maganizo? Simuli nokha. Bwerani tikambirane."

Anzathu a ku Zimbabwe anachizindikira ichi kalekale. Mu 2006, ku Mbare mumzinda wa Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ndi kuwathandiza kuthetsa mavuto awo. Ofesi yawo inali benchi la matabwa, panja pa chipatala. Ndipo vutolo sankalitchula ndi dzina la m'buku. Ankalitchula m'Chishona kuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Anthu anabwera. Njira imeneyo inafika mpaka kuno ku Malawi. Taganizani. Benchi, gogo, ndi mawu a kumudzi. Tsamba labwino likhale ngati benchi limenelo.

Ndipo tikati mawu, tikunenanso chilankhulo. Boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo chilankhulo cha pamtima ndi Chiyao. Munthu amawerengera ndalama m'chilankhulo chilichonse, koma amalira m'chilankhulo cha mayi ake. Tsamba la Chingerezi chokhachokha likulankhula ndi alendo a m'malo ogona a ku Cape Maclear. Palibe cholakwa, nawonso ndi anthu. Koma mayi uja lamusiya panja. Lembani m'Chichewa. Ngati mumatha Chiyao, nenani poyera. Ndipo poti si onse amawerenga mosavuta, jambulani mawu anu, kauthenga kakafupi, koti munthu angodina n'kumva moni wanu. Liwu limanyamula chifundo chimene zilembo sizinganyamule. Ife a pawailesi timachidziwa bwino chimenechi.

Pano ndiime pang'ono, ndilankhule za abambo.

Tinakula tikumva kuti mwamuna salira. Malipoti a apolisi m'dziko muno, chaka ndi chaka, amaonetsa kuti ambiri mwa anthu amene amachotsa moyo wawo ndi amuna. Ganizani msodzi amene anatenga injini pangongole. Nsomba zachepa. Nyengo yotseka nyanja yafika. Wakatapila akubwera m'mawa uliwonse. Bambo ameneyu sadzalemba pafoni kuti "ndili ndi chisoni". Adzati ngongole yandipanikiza. Adzati mowa wandipitirira. Adzati ndikumangokalipa kunyumba. Tsamba limene lili ndi maluwa okhaokha ndi mawu a misozi, bamboyu aliona ngati la azimayi. Mutchuleni nayenso. Tchulani ngongole, mowa, ukali, kubwerako ku Joni chimanjamanja. Muuzeni kuti kufunsa si kufooka. Paja safunsa anadya phula.

Ndiye tanena ziwiri. Maso, ndi mawu. Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za masamba a pa intaneti a alangizi a zamaganizo, ndipo tikuti ntchito yake ndi kuchotsa mantha.

Chachitatu: khomo likhale limodzi.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Munthu anaona mvula, phanga ili, phanga ilo, akuti ndilowe liti, mpaka ananyowa. Sayansi inadzavomereza mwambi umenewu. Mu 2000, akatswiri awiri, Sheena Iyengar ndi Mark Lepper, anafalitsa zimene anapeza m'sitolo ina ku California. Nthawi zina ankayala mitundu 24 ya jamu kuti anthu alawe. Nthawi zina mitundu 6 yokha. Pa tebulo lodzaza, anthu ambiri ankaima. Koma ogula ambiri anachokera pa tebulo la mitundu yochepa. Sikuti zimatero pa malonda alionse. Koma kwa munthu wotopa, n'zoona kwambiri. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Munthu wovutika maganizo ndi munthu wotopa. Kusankha ndiwo za madzulo kumamulemera. Ndiye mumupatse mabatani khumi? Dinani apa muwerenge nkhani zathu. Dinani apa muone mavidiyo. Dinani apa mulembetse. Ayi. Batani limodzi, lalikulu, looneka. "Tumizani uthenga pa WhatsApp." Kapena, "Imbani nambala iyi." Basi. Ndipo kwa amene alibe mayunitsi, lembani kuti, "Fulashani, tikuimbirani."

Tsambalo likhalenso lopepuka. Amene mumakonza masamba muli muofesi, kompyuta yaikulu, intaneti yothamanga. Tatengani foni yotchipa mupite nayo ku Makanjira, mukalitsegule kumeneko. Ngati kachizindikiro kakungozungulira, kuzungulira, dziwani kuti bandulo ya mayi uja ikutha, ndipo mtima wake ukutha nayo limodzi. Vidiyo yodziyambira yokha ndi mbava ya bandulo. Ichotseni.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine. Nthawi ina m'bale wanga anali pamavuto, atataya mwana. Ndinapeza tsamba la malo ena a uphungu, sinditchula dzina. Lokongola ndithu. Ndinatumiza uthenga Lolemba usiku. Lachiwiri, zii. Lachitatu, zii. Yankho linabwera Loweruka, m'Chingerezi, kundiuza kuti ndidzaze fomu. Nditatsegula fomuyo, ikufuna dzina lonse, tsiku lobadwa, ntchito, imelo, ndi kufotokoza vuto mwatsatanetsatane. M'bale wangayo alibe imelo. Ndipo atamva zoti alembe nkhani ya mwana wake m'kabokosi kopita kwa munthu wosamudziwa, anangopukusa mutu. Anati, "Zisiyeni." Khomo linali lopakidwa utoto bwino. Koma linali lokhoma.

Ndiye alangizi, musafunse zambiri pachipata. Dzina limene munthu akufuna kuitanidwa nalo, ndi nambala. Zinazo mukakambirana mutakhala pansi. Ndipo nenani nthawi imene mumayankha. Ngati mumayankha m'mawa, lembani kuti m'mawa. Munthu akadziwa kuti yankho libwera kukacha, usiku umafupika.

Pa khomo lomweli pali nkhani ya mtengo. Mukafika pamsika, mwaona chambo chachikulu, chonona, koma mukuopa kufunsa mtengo poopa kuchita manyazi. Mumangodutsa, si choncho? N'chimodzimodzi. Mtengo wobisika umathamangitsa anthu kuposa mtengo wokwera. Lembani mtengo. Nenani ngati mumalandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ngati mumatsitsira ovutika, nenani. Ngati simungatsitse, lozani kumene angapeze thandizo laulere. Kuloza njira sikuluza kasitomala. Ndi umunthu.

Tafika pa chachinayi, ndipo ichi ndiye cholemera kuposa zonse: chinsinsi ndi choonadi. Apa ndi pamene nyali ziwiri zija zimasiyanirana.

A zamalonda amadziwa kuti munthu amatsata gulu. Pamene pali mzere wa anthu ogula mandasi, nanunso mumaima pomwepo. Ndiye amalangiza kuti, ikani maumboni a makasitomala. Kwa wogulitsa matayala, nzeru imeneyo ndi yabwino. Kwa mlangizi, ndi msampha.

Taganizani. Tsamba lalemba kuti, "Mayi wina wa ana anayi, mphunzitsi, wa dera lakuti, anali pafupi kutha banja, koma tinamuthandiza." Dzina sanatchule. Koma kuno kwathu, ndani sangamudziwe? Pofika madzulo, nkhani ili pachigayo. Kuno timadziwana. Timakumana kumzikiti, kutchalitchi, kumaliro, padoko. Ndipo munthu amene wathandizidwa amavutika kukana mlangizi wake akamupempha umboni. Amavomera ndi pakamwa, mtima ukukana. N'chifukwa chake bungwe la akatswiri a zamaganizo ku America, American Psychological Association, limaletsa mamembala ake kupempha maumboni kwa anthu amene akuwathandiza. Kuno kwathunso, kuyambira 2024, tili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act. Nkhani ya thanzi la munthu si yoseweretsa.

Ndipo mayi uja akaona nkhani za anzake zili poyera, akuganiza chiyani? Akuti, "Mawa ndi ine." Umboni umene mumati ukopa, wamuthamangitsa.

M'malo mwake, lembani lonjezo la chinsinsi, m'mawu osavuta. Zimene mwanena zimatsala m'chipinda muno. Nenaninso malire ake moona mtima, kuti ngati moyo wa munthu uli pachiswe, kapena mwana akuzunzidwa, mudzafunika kuitana thandizo lina. Ndipo kumbukirani kuti kuno foni imodzi imagwiridwa ndi anthu angapo. Mwamuna, mlamu, mwana wa sukulu. Funsani kaye, "Kodi ndingatumize uthenga pa nambala iyi? Nthawi yanji?" Kafunso kakang'ono, koma kangapulumutse banja, nthawi zina ngakhale moyo.

Nanga popanda maumboni, anthu akukhulupirirani bwanji? Ndi choonadi. Apa ndiye pamalo pa masatifiketi aja, osati pamwamba, koma apa. Munaphunzira kuti? Ku Saint John of God College of Health Sciences ku Mzuzu? Ku Kamuzu University of Health Sciences? Nenani. Ngati ndinu dokotala kapena kiliniko ofesala, munalembetsa ku Medical Council of Malawi? Ngati ndinu namwino, ku Nurses and Midwives Council of Malawi? Nenani. Nenaninso zimene simuchita. "Ine sindipereka mankhwala. Ngati akufunika, ndikutumizani kuchipatala." Munthu wodziwa malire ake ndi amene timamukhulupirira.

Tonse timawaona mapepala omatidwa pa mitengo ndi pa mapolo a magetsi. Kubweza mkazi wothawa m'masiku atatu. Kukweza bizinesi. Kupambana mlandu. Eni mapepala amenewo amadziwa maganizo a munthu, musawapeputse. Amadziwa pamene pakupweteka. Amalonjeza zachangu. Amaika nambala imodzi yokha, yaikulu. Njira zawo n'zomwe takambazi. Kusiyana kwake kuli pati? Pa cholinga. Imeneyo ndi nyali ya kauni. Kumbuyo kwake kuli khoka.

Ndipo nyali ya kauni yafikanso pa intaneti, itavala tayi. "Tichotsa nkhawa zanu zonse m'sabata imodzi." "Malo atsala awiri okha, lipirani lero." "Mukachedwa, banja lanu litha." Kumeneko n'kutenga mantha a munthu n'kuwasandutsa nyambo. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Mlangizi weniweni salonjeza tsiku lochira. Amalonjeza kumvetsera, kusunga chinsinsi, ndi kuyenda nanu.

Tsopano nditembenukire kwa inu, omvera, amene si alangizi. Tsiku lina inu, kapena mwana wanu, kapena mnzanu, mudzatsegula tsamba lotere. Mudzadzifunse mafunso atatu okha. Kodi munthuyu akudzionetsa poyera, dzina, nkhope, malo ndi kumene anaphunzira? Kodi akusunga ulemu wa anthu ena amene anawathandiza? Ndipo nditawerenga, mtima wanga watsika, kapena wawonjezera kuthamanga? Ngati tsamba likukuopsezani, likukufulumizitsani, likufuna ndalama musanalankhule ndi munthu, bwererani. Imeneyo si nyali ya padoko.

Ndikumvanso agogo ena akuti, "Mwana wanga, ine foni yanga ndi ya mabatani." Agogo, simunatsalire ayi. Kunena zoona, anthu ambiri kuno kunyanja thandizo salipeza pa webusaiti. Khomo lawo ndi lina. Ndi wailesi, monga ya Dzimwe imene inayamba ku Monkey Bay mu 1998. Ndi foni wamba, monga Chipatala cha pa Foni chimene chinayambira kwa anansi athu ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse. Ndi nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, imene amayendetsa a YONECO, ndi 5600 ya nkhanza za m'banja. Ndi chipatala chathu cha boma, kumene mungafunse namwino woona za matenda a maganizo. Ndi ofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi. Ndi shehe, m'busa, ankhoswe, azakhali. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo inu alangizi, manambala amenewa akhale pa tsamba lanu, poonekera. Munthu amene moyo wake uli pachiswe usiku uno sangadikire kuti ofesi yanu itsegulidwe Lolemba. Muuzeni apite kuchipatala chapafupi tsopano lino, ndipo asakhale yekha. Inunso omvera, ngati maganizo otaya moyo akukubwererani, musawasunge. Dzutsani munthu. Uzani m'bale. Pitani kuchipatala. Vuto limene usiku likuoneka ngati phiri, mukaligawana ndi wina limayamba kusenzeka.

Mfundo zinayi zija sizithera pa intaneti. Chikwangwani cha pachipata ndi tsamba. Kapepala komata pa bolodi kuchipatala ndi tsamba. Chithunzi chanu cha pa WhatsApp ndi tsamba. Ngakhale nkhope ya mlonda wa pageti ndi tsamba. Paliponse pamene munthu wamantha amayamba kukumana nanu, funso ndi lomwelo. Kodi mantha ake achepa, kapena awonjezeka?

Tibwereze pamodzi tisanatseke. Maso: onetsani nkhope ndi malo enieni. Mawu: lankhulani monga amalankhulira wovutikayo, m'chilankhulo chake. Khomo: likhale limodzi, lopepuka, mtengo wake wodziwika. Chinsinsi ndi choonadi: musagulitse nkhani za anthu, musalonjeze zimene simungathe.

Tibwerere kwa mayi uja. Nthawi ikadali 2 koloko. Bandulo yatsala pang'ono. Koma ulendo uno tsamba latseguka msanga. Waona nkhope ya munthu wonga azakhali ake. Wawerenga mzere woyamba, m'Chichewa, wonena za kusowa tulo. Wadina, wamva moni wa m'Chiyao. Waona mtengo. Waona lonjezo la chinsinsi. Waona kuti yankho limabwera m'mawa. Walemba mawu awiri okha: "Ndikufuna thandizo." Waika foni pansi pa pilo.

Mwamuna wake sanabwere. Ngongole ya kugolosale ikadalipo. Palibe chimene chatha. Koma kunja kuli mdima, ndipo iye waona tochi padoko.

Usiku uno mukaona nyali za kauni zikuthwanima panyanja, mukumbukire nkhani yathu. Ndipo inu amene muli ndi nyali m'manja, kaya ndinu mlangizi, namwino, shehe, m'busa kapena mnansi chabe, mudzifunse: kumbuyo kwa nyali yangayi kuli khoka, kapena kuli mtunda?

Asodzi, mwera ukuchitireni chifundo.